Kodi Adzakudziwirani Chiyani Kuti Ndinu Akhristu?

Ana anga ndi adzukulu anga a kuno ku Chiradzulu, nkhope imene ili pa ndalama ya K2,000 ndi ya munthu wa kwathu konkuno. Mumaipinda m'thumba, mumalipirira kabaza, ena mumakabetchera mpira, koma ndi angati mwa inu amene anakhalapo pansi n'kudzifunsa kuti John Chilembwe anali Mkhristu wotani? Kusukulu anakuuzani kuti anaukira atsamunda mu 1915, ndipo pa 15 Januwale chaka chilichonse dziko limapuma pomukumbukira. Zonsezo n'zoona. Koma asanagwire mfuti, munthuyu anakhala zaka 15 ku Mbombwe akulimbana ndi funso lomwe lakugwirani inu pakhosi lero. Dziko likamasintha mothamanga, zabwino ndi zoipa zikamafika pamodzi, Mkhristu atenge ziti ndipo asiye ziti? Nanga anthu omuzungulira amudziwire chiyani?

Musaganize kuti zamakono zinayamba ndi foni. M'zaka za m'ma 1890 makolo athu anaona dziko lawo likutembenuka kuposa mmene inu mwaonera. Kunabwera msonkho wa nyumba, ndalama, sukulu, minda ikuluikulu ya azungu, ndipo abale athu Alomwe ankalowa mwaunyinji kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi. Pakati pa chipwirikiti chimenecho, mu 1892, mnyamata Chilembwe anakumana ndi mmishonale Joseph Booth n'kulowa ntchito ya m'nyumba kwa iye. Anabatizidwa mu 1893. Mu 1897 Booth anamutenga kupita naye ku America, kumene anaphunzira za ubusa pa koleji ya anthu akuda mu mzinda wa Lynchburg, ku Virginia. Kumeneko anaona ndi maso ake ana a akapolo akuyendetsa okha mipingo, sukulu ndi manyuzipepala. Pobwerera mu 1900 anayambitsa ku Mbombwe Providence Industrial Mission, imene tonse timangoti PIM.

Onani zimene anatenga. Anatsegula sukulu, moti pofika 1912 ana pafupifupi 1,000 ndi akuluakulu 800 ankaphunzira m'sukulu za PIM. Anaumba njerwa namanga tchalitchi chachikulu chimene chinatha mu 1913, pa nthawi imene anthu ambiri ankaganiza kuti nyumba yotero angamange ndi mzungu yekha. Mkazi wake, mayi Ida, ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka. Anzake ochokera ku America, m'busa Landon Cheek ndi mayi Emma DeLaney, anadzathandiza ntchitoyo zaka zoyambirira. Anthu ake ankawalimbikitsa ukhondo, kulima mwakhama, kuvala mwaulemu ndi kupewa uchidakwa. Buku, makina osokera, suti, chithunzi chojambulidwa: zonsezi zinali zachilendo, koma iye sanazitche za Satana.

Ndikunena izi chifukwa pali Chikhristu china cha mantha chimene chimaona chilombo m'chinthu chilichonse chatsopano. Munamva nokha m'nthawi ya COVID-19 anthu akufalitsa pa WhatsApp kuti katemera ndi chizindikiro cha 666. Chikhulupiriro chotero chimaoneka cholimba, koma mkati mwake muli ulesi wa kuganiza. Mulungu amene anapatsa munthu nzeru saopa kompyuta. Phunzirani, ana anga. Koleji ili pakhomo panu pa Nguludi, pomwe Catholic University inatsegulidwa mu 2006. Amene sukulu inakukanikani, gwirani luso la manja, ndipo muligwire bwino.

Tsopano onani zimene anakana. Chakumpoto kwa Mbombwe kunali minda ya A. L. Bruce ku Magomero, yomwe woyang'anira wake anali William Jervis Livingstone. Anthu okhala m'mindamo, ambiri mwa iwo Alomwe, ankagwira thangata: mwezi umodzi wolipirira malo okhala, wina wa msonkho, koma miyeziyo inkatalikitsidwa mmene bwana wafunira, ndipo chikoti sichinkakhala patali. Eni mindayo sankafuna sukulu kapena nyumba yopemphereramo ya Chilembwe pa malo awo, ndipo zomwe anthu ake anamanga zinatenthedwa. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu pa njira ankayenera kuvula chipewa. Chilembwe anajambulitsa chithunzi ataima pambali pa mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu. Chithunzi chimenecho ndi chimene mmisiri wa ku Malawi kuno, Samson Kambalu, anaumbira chipilala chomwe chinaimikidwa ku Trafalgar Square mu mzinda wa London mu 2022. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itafika ku Karonga mu 1914, Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a dziko lino akukafera nkhondo imene sakuidziwa mutu wake, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalikire.

Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse. Chilembwe analandira sukulu ya mzungu nakana chikoti cha mzungu, ngakhale ziwirizi zinafika limodzi. Muyeso wake unali munthu: chinthu ichi chikumukweza munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, kapena chikumusandutsa chida cha wina? Mayi akamapeta mphale sataya lichero lonse chifukwa muli gaga, komanso sathira zonse mu mphika. Amapeta. Mkhristu wa m'nthawi iliyonse ntchito yake ndi imeneyo, ndipo palibe m'busa, bishopu kapena kholo amene angakugwirireni inu muli chigonere.

Sindikubisirani mbali yowawa ya nkhaniyi. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anapha Livingstone namudula mutu pamaso pa banja lake, ndipo azungu ena awiri anaphedwanso. Akazi ndi ana sanawaphe, ndipo zimenezo tiziwayamikira. Koma patapita masiku ochepa mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa ndipo wansembe anavulazidwa kwambiri. Akhristu anaotcha nyumba ya Akhristu anzawo. Chilembwe anaomberedwa pa 3 Febuluwale akuthawira cha ku malire a Mozambique, tchalitchi chake chinagumulidwa, ndipo anthu ake ambiri, kuphatikizapo John Gray Kufa amene anaphunzira za chipatala ku Blantyre Mission, anaphedwa ndi boma. Ine ndimamulemekeza Chilembwe. Mlandu umene ankadandaula unali woona, ndipo amene anatseka makutu ali ndi gawo lalikulu pa magazi amene anakhetsedwa. Koma kudula munthu mutu sindingakuuzeni kuti ndi njira ya Yesu. Nthaka yomweyi ya Magomero inaonanso Bishopu Charles Mackenzie wa mishoni ya UMCA, amene anafika mu 1861 ndi mtima wabwino womasula akapolo, akutsogolera anthu ndi mfuti kukathira nkhondo Ayao. Iye anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, ndipo chaka chomwecho mishoniyo inasamuka pa Magomero. Kawiri konse pa nthaka yathu anthu a Mulungu anagwira mfuti, ndipo kawiri konse ntchito imene anabwerera inagwa. Mkwiyo wanu pa zosalungama ukhalepo, chifukwa Mkhristu wosapsa mtima poona mphawi akuponderezedwa ndi wakufa mkati. Koma pamene anzanu atola miyala ndi petulo kuti akaotche wakuba kapena nyumba ya munthu, dzanja lanu lisakhalepo.

Pali munthu wina amene simumumva kawirikawiri. Daniel Sharpe Malekebu anali mwana wa sukulu ya PIM. Anatsatira mayi DeLaney ku America, naphunzira udokotala pa Meharry Medical College mu mzinda wa Nashville, kumene anamaliza mu 1917. Akanatha kukhala konko n'kumadya bwino. Atayesa kubwerera kwawo koyamba boma la atsamunda linamukaniza, koma sanagwe ulesi. Mu 1926 iye ndi mkazi wake mayi Flora anatsegulanso PIM pa mabwinja a Mbombwe. Anamanga tchalitchi china, sukulu ndi chipatala, ndipo anatumikira zaka zoposa 40 mpaka mpingowo unafalikira ku maiko oyandikana nafe. Nkhope yake siili pa ndalama. Koma mwana aliyense amene anaphunzira kapena kuchiritsidwa pa PIM m'zaka zonsezo anadya thukuta la munthu amene anasankha kubwerera kwawo. Inu amene maso ali ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja, sindikuti musapite. Umphawi wa kuno ndikuudziwa, minda yathu ndi timagawo tating'ono. Ndikuti mukapita, mudziwe chimene mwapitira ndi amene mwawasiya.

Tibwere kwa inu tsopano. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi anayi alionse, oposa atatu amadzitcha Akhristu. Ndiye kunena kuti ndinu Mkhristu sikukusiyanitsani ndi aliyense. Yunifolomu ya kwaya, kolona m'khosi, vesi pa Facebook m'mawa uliwonse, nyimbo yauzimu yolira pa foni yanu: zonsezi ali nazo ngakhale wakuba. M'dziko lomweli la Akhristu ochuluka ndi mmene mabiliyoni a boma anabedwa pa Cashgate mu 2013. M'dziko lomweli mayeso a MSCE a 2020 anaimitsidwa atayamba kale chifukwa mapepala anali atafalikira pa mafoni, ndipo ana osalakwa anavutika limodzi ndi olakwa. Kodi onse amene anatumizirana mapepala aja anali osapemphera? Zikadakhala kuti Chikhristu chathu chimatuluka nafe m'tchalitchi Lamulungu kapena Lasabata n'kukafika nafe Lolemba, dziko lino silikadakhala mmene lililimu.

Chifukwa chake ndikuti malo oyamba pomwe chikhulupiriro chanu chidzaonekere ndi pa ndalama. Iwe mwana wanga wogula nandolo ndi chimanga m'midzi, sikelo yako ndi yoona? Agogo aja sadziwa kuwerenga manambala, amangokhulupirira nkhope yako. Iwe wogulitsa tomato pa Mbulumbuzi kapena pa Njuli, wovunda umamubisa pansi pa mulu? Iwe wa Airtel Money ndi Mpamba, munthu akalakwitsa nambala ndalama n'kugwera kwa iwe, umabweza kapena umati ndi madalitso? Iwe wa kabaza, mlendo umamutchula mtengo womwe umatchula mnansi? Iwe msungichuma wa banki mkhonde, iwe mlembi wa komiti yolemba maina a olandira feteleza wotsika mtengo, dzina la mayi wamasiye lija linapita kuti? Mafunso amenewa ndi aakulu kuposa funso lakuti mumapemphera mpingo uti. Aneneri a m'Chipangano Chakale, Amosi ndi Mika, anakalipira miyeso yachinyengo ndi mawu oopsa kwambiri. Munthu amene sikelo yake ndi yoona amadziwika msika wonse popanda chikwangwani, ndipo tsiku lina wina adzamufunsa chifukwa chake. Ulaliki wake uyambira pamenepo.

Za kubetcha ndinene mosapsatira. Ndaona anyamata amphamvu akutha tsiku lonse maso ali pa foni, kudikira timu ya ku England kuti iwagulire ufa. Amene anakonza masewerawo anawerengera kale kuti opambana akhale ochepa, oluza achuluke, apo ayi bizinesiyo ikadatseka kalekale. Choopsa si ndalama yotayika yokha. Kubetcha kumaphunzitsa mtima kuti chuma chimabwera popanda ntchito, ndipo mtima ukazolowera zimenezo khasu limalemera, sukulu imatalika, ndipo katapila amakhala akudikira pakhomo.

Matenda omwewo alowa m'nyumba ya Mulungu. Kwabuka alaliki amene uthenga wawo wonse ndi galimoto, ulendo wa kunja ndi mwamuna wolemera, ndipo njira yake ndi kufesa mbewu kwa "munthu wa Mulungu" ndi kugula madzi kapena mafuta odzozedwa. Sindikunyoza mipingo yatsopano yonse. Muli abusa okhulupirika mmenemo, ndipo ina inatidzutsa ife a mipingo yakale pamene tinkaodzera. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Yang'anani kuti ndalama ikuyenda kuchoka kwa yani kupita kwa yani. Ku Mbombwe ndalama ndi thukuta zinasanduka sukulu za ana a amphawi. Kumene nkhosa zikuonda mbusa akunenepa, thawaniko, ngakhale zozizwa zichuluke bwanji.

Pa nkhani iyi ife a ku Chiradzulu tili ndi umboni umene ena alibe. Inu simunaone zaka za m'ma 1990, pamene maliro a Edzi ankatsatizana mpaka adzukulu okumba manda kutopa. M'matchalitchi ambiri tinkangonong'onezana, ndipo odwala ankaweruzidwa asanafe. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere pa chipatala cha boma lino, zaka zitatu boma lisanayambe kugawa mankhwalawa m'dziko lonse mu 2004. Tinaona anthu amene tinali titawalira kale akudzuka, kubwerera kumunda ndi kulera ana awo. Ambiri mwa inu muli ndi makolo lero chifukwa cha mankhwala amenewo. Ndiye wina akadzakuuzani kuti mwapemphereredwa, tayani mankhwala kuti muonetse chikhulupiriro, mudziwe kuti akukutumizani kumanda. Imwani mankhwala, pempherani, ndipo thokozani Mulungu pa zonse ziwiri. Mnzanu akakuululirani kuti ali ndi kachilombo, chinsinsi chake chifere mwa inu. Pamenepo mudzasiyana ndi dziko limene limasangalala ndi kufalitsa manyazi a ena.

Foni yanu ndi yabwino. Imakuuzani mtengo wa mbewu, imakulumikizani ndi achimwene ali ku Cape Town, ndipo Baibulo lonse lili momwemo. Koma musanatumize uthenga kwa ena, dzifunseni ngati ndi woona, ndiponso ngati mungaunene mwini wake ali pomwepo. Umboni wonama sunasiye kukhala tchimo chifukwa wayenda pa intaneti. Chithunzi cha maliseche a mwana wa munthu chikafika kwa inu, chithere pa inu. Atsikana anga, zidyamakanda zimabwera ndi foni yatsopano ndi mawu okoma, koma ngongole yake mudzalipira ndi thupi ndi tsogolo lanu. Anyamata, mtsikana amene mwamupatsa mimba n'kumukana ndi mlongo wa wina, ndipo Mulungu wa ana amasiye amamva kulira kwake. Malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mkhristu asadikire apolisi kuti amukumbutse zimenezo.

Kusiyana ndi dziko sikutanthauza kunyoza kwanu. Pali achinyamata amene akangoti abadwa mwatsopano amasiya kupita kumaliro a m'mudzi, amachita manyazi ndi Chilomwe kapena Chiyao cha agogo awo, ndipo mnansi wachisilamu amamuona ngati mdani. Ife kuno takhala ndi Asilamu chitseko ndi chitseko kuyambira kale, timatungira pa mjigo umodzi ndi kuikirana maliro. Ulemu kwa akulu, kulandira alendo, kudyera pamodzi, kulira ndi olira: makolo athu ankazidziwa izi uthenga usanafike, ndipo uthenga unadzazitsimikiza. Miyambo imene imaononga mwana wamkazi, monga kusasa fumbi, ikaneni poyera. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi: mwana akamwalira mwadzidzidzi, anthu amaloza chala gogo wosauka kuti ndi mfiti, ndipo m'dziko muno okalamba aphedwa ndi adzukulu awo omwe pa mlandu wotero. Nthawi zina amene wayatsa motowo ndi wodzitcha mneneri. Tsiku limenelo likadzafika m'mudzi mwanu, Mkhristu ndi amene adzaime pakhomo pa gogoyo.

Kuima kotero kuli ndi mtengo wake, ndipo sindikunamizani kuti mudzaomberedwa m'manja. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona, inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Mutu wake unali wa kukhala moyo molingana ndi chikhulupiriro chathu, ndipo inanena poyera za malipiro ochepa a amphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi mantha amene anatseka pakamwa pa Amalawi. Maepiskopiwo anaopsezedwa kuti aphedwa, ndipo Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Mipingo ina ndi Asilamu anagwirizana nawo, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Ufulu umene mumalankhulira pa wailesi ndi pa foni unadutsa pa guwa. N'chifukwa chake zimandimvetsa chisoni kuona mnyamata wa kwaya akugulitsa voti yake ndi nsalu ya chipani ndi kandalama ka tsiku limodzi, kapena kudzipaka penti kuti akagende a chipani china. Anzanu adzakutchani wotsalira mukakana chiphuphu. Mwina ntchito ina idzakudutsani chifukwa simunapereke kangachepe. Zimapweteka, makamaka kunyumba kukakhala kulibe ufa. N'chifukwa chake musayende nokha. Pezani anzanu awiri kapena atatu amene mungauzane zoona, kupempherera limodzi ndi kuthandizana pamene mmodzi wataya mwayi chifukwa cha chilungamo. Danieli ku Babulo anaphunzira nzeru zonse za kumeneko natumikira mfumu mokhulupirika, koma pokana chakudya cha mfumu anali ndi anzake atatu.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukwirira mudzi wa Mtauchira kwa Likoswe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. M'masiku amenewo tinaona anyamata akukumba matope ndi makasu ndi manja kufunafuna anthu amene sanali abale awo, ndi amayi a mipingo yosiyanasiyana akuphikira osowa pokhala osafunsa kuti amapemphera kuti. Tinamvanso m'madera ena za anthu ozembetsa thandizo la ovutika. Magulu onse awiriwa amapezeka m'tchalitchi. Mabanja ambiri amene anataya zonse sanaimebe bwino mpaka lero, mapiri athu akupitirira kumetedwa chifukwa cha makala ndi nkhuni, ndipo mvula yoopsa idzabweranso.

Choncho ndikukupemphani, ana anga, musadikire kuti mukule kapena mulemere. Pitani kwa abusa anu, kwa ansembe, kwa akulu a mpingo ndi kwa mafumu, mukapemphe malo pa phiri oti gulu lanu la achinyamata libzalepo mitengo dzinja likubwerali ndi kuisamalira mpaka ikule. Funsani m'mudzi mwanu kuti ndi gogo uti amene denga lake likudontha, mukamufolerere mvula isanagwe. Amene munakhoza masamu, sonkhanitsani ana a Sitandade 8 madzulo muwaphunzitse kwaulere. Ndipo amene muli ndi ndalama ya mwini imene munaitenga mwachinyengo, kabwezeni sabata ino.